Tikiti ya sipidi yakupezani? Mmene mungaitsutsire polemba kalata masiku asanathe

Msuweni wanga anagulitsa galimoto yake mu Malichi, tikiti ya sipidi n'kumupeza mu Meyi. Kamera inajambula galimoto ija ikuuluka kumalo komwe iye sanapondeko n'komwe, koma poti wogula anali asanasinthe dzina pamapepala, kalata inapita kwa mwini wakale. Mkuluyu anangoseka, amvekere zazing'ono izi, pepala logulitsirana ndili nalo, basi envelopu n'kuiponya pamwamba pa filiji. Tsiku lomwe anapeza mpata anakhala pansi n'kulemba kalata ya masamba atatu, yokoma ndithu ine ndinaiwerenga, umboni wonse uli momwemo. Yankho linabwera la mizere iwiri: dandaulo lanu lafika mochedwa ndi masiku awiri, sitiliunika. Masamba atatu aja palibe anawatsegula.

Nde muziona kuti pa nkhani iyi deti ndi lomwe limagwetsa anthu ambiri, kenako kusowa umboni woti kalata munatumizadi. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipereka zitsanzo za mayiko angapo kuti muone mmene zimakhalira, koma chomwe chikulamula mlandu wanu ndi zomwe zalembedwa papepala lomwe lili m'manja mwanulo.

## Zoti mukhale nazo musanayambe

- Tikiti yeniyeniyo, mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi envelopu yomwe inabweramo. Envelopu osataya, ndifotokoza chifukwa chake.
- Laisensi yanu ndi mapepala aumwini wa galimoto.
- Foni yojambula bwino, ndi kalendala ya mufoni momwemo.
- Fomu yodandaulira ngati komwe muliko amafuna fomu. Pena imabwera limodzi ndi tikiti, pena mumaipeza pa webusayiti ya ofesiyo.
- Umboni uliwonse womwe muli nawo: pepala logulitsirana galimoto, lipoti la kupolisi ngati inabedwa, malisiti, vidiyo ya kakamera ka pagalasi la galimoto.
- Fayilo imodzi yosungiramo zonsezi, ngakhale envelopu yaikulu ikwanira.
- Kandalama ka positi, komanso m'mayiko ena ndalama ya chikole.

## 1. Musalipire kaye

Ambiri akaona tikiti amathamangira kulipira kuti mtima ukhale pansi, poganiza kuti adzadandaula pambuyo n'kubwezeredwa ndalama. M'malo ambiri kulipira chindapusa ndi kuvomera mlandu, nkhani imatsekedwa pomwepo ndipo ngati kuli za mapointi achilango pa laisensi, omwe akachuluka laisensi amakulandani, amakuikirani. Ku France zili choncho ndendende, mukalipira mwavomera ndipo khomo lodandaulira latsekeka. Madzi akatayika saoleka.

Chenjezo: chikole ndi chindapusa ndi zinthu ziwiri zosiyana ngakhale ndalama yake pena imafanana. Ku France komweko, ngati mukukana kuti simunathamange pa tikiti ya kamera, amafuna muyambe mwasungitsa ndalama ya chikole kuti dandaulo lanu alilandire, koma ngati galimoto inabedwa, munaigulitsa kapena mukutchula amene amayendetsa, chikole safuna. Ku California nako mukafuna kuti mlandu uweruzidwe pamapepala okha mumapereka ndalama ya belo limodzi ndi fomu, mukawina amakubwezerani. Vuto ndi loti pa intaneti mabatani awiriwa amakhala moyandikana, mukadina la kulipira mmalo mwa la chikole mwadzigwetsa nokha. Werengani kawiri musanadine.

Muganizirenso za kuchotsera. Malo ena mukalipira msanga amadulako mtengo, ku Johannesburg ndi Tshwane, ku South Africa, pansi pa lamulo la milandu ya pamsewu lotchedwa AARTO amachotsa theka mukalipira m'masiku 32 oyamba. Ngati mukudziwa mumtima kuti munathamangadi ndipo mulibe choti mugwire, bola kulipira kathekako. Kutsutsa ndi kwa amene ali ndi mfundo.

## 2. Pezani deti lomaliza, tsiku lomwelo tikiti yafika

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe msuweni uja anagwera. Tembenuzani tikiti, kumbuyo kapena m'munsi mwa timalemba tating'ono muli chiganizo chonena masiku omwe muli nawo. Mufunika mayankho a mafunso atatu, musapitirire musanawapeze.

Loyamba, masiku ndi angati. Ku Germany ndi milungu iwiri yokha kuchokera pomwe kalata ya chindapusa yaperekedwa kwa inu. Ku Netherlands ndi milungu 6. Ku France ndi masiku 45. Ku England ndi Wales muli ndi masiku 28 oti mubweze fomu yonena amene amayendetsa, ndipo nkhani ikafika kukhoti n'kukutumizirani pepala lotchedwa Single Justice Procedure Notice muli ndi masiku 21 oti muyankhe ngati mukuvomera kapena mukukana. Mukuona kusiyana kwake eti, nde osamvera mnzanu amene akuti aaa mwezi wathunthu ulipo, iye mwina akunena za dziko lina kapena pepala la mtundu wina.

Lachiwiri, akuyamba kuwerenga kuchokera liti. Pali madeti anayi omwe anthu amasokoneza: tsiku lomwe munathamanga, tsiku lomwe tikiti inalembedwa, tsiku lomwe inatumizidwa, ndi tsiku lomwe inafika kwanu. Tsiku lomwe inu munatsegula envelopu silipo pamenepa, palibe ofesi imawerengera limenelo. Munali kuulendo, munali kumaliro, kalata inakhala milungu iwiri m'bokosi, masiku amangowerengedwabe. Ku Germany wa positi amalemba deti lofikitsira pa envelopu yachikasu yomwe kalatayo imabweramo, mukaitaya mwataya umboni wa tsiku loyambira. N'chifukwa chake ndinati envelopu osataya. Ijambuleni ndi foni chidindo cha positi chikuoneka bwino.

Lachitatu, kodi pofika deti limenelo kalata ikhale itatumizidwa kapena itafika. Ku Germany iyenera kukhala itafika ku ofesi milungu iwiri ija isanathe, kuiponya ku positi tsiku lomaliza ndi kungotaya sitampa. Ku California nako fomu ndi ndalama ziyenera kukhala zili m'manja mwa kalaliki wa khoti pofika deti lomwe lalembedwa. Ngati pepala lanu silikunena momveka, tengani kuti akufuna ikhale itafika.

Mukapeza deti lembani ndi cholembera chofiira pamwamba pa tikiti, kenako mu kalendala ya foni mudziikire deti lanulanu, sabata imodzi lisanafike lenilenilo, ndi alamu. Powerenga muwerengere Loweruka, Lamulungu ndi maholide omwe pokhapokha pepala litanena kuti ndi masiku ogwira ntchito okha. Mukawerenga moumira chonchi simungaluze kanthu, kungofika msanga basi.

## 3. Dziwani komwe dandaulo likupita komanso njira yake

Kalata yabwino yopita ku ofesi yolakwika ndi chimodzimodzi kusalemba. Adiresi yolipirira chindapusa ndi adiresi yodandaulira nthawi zambiri zimasiyana ngakhale zili papepala limodzi. Onaninso ngati akufuna fomu yawo. Ku California fomu yake ndi TR-205. Pa AARTO fomu yodandaulira ndi AARTO 08 ndipo imapita ku RTIA, bungwe loyendetsa lamuloli. Ku France mutha kuchitira pa webusayiti ya ANTAI, bungwe la boma loona za matikiti, kapena kutumiza kalata yolembetsa ku positi yomwe wolandira amasainira.

Ku England zimayenda mosiyanako. Mutha kulembera apolisi kuwaonetsa cholakwika, koma ngati sakugwirizana nanu njira yotsutsira ndi kukana mlandu kuti upite kukhoti, ndipo kumeneko mukaluza chindapusa chitha kukwera n'kuonjezapo ndalama za khoti. Ndiye muyeze kaye musanalowe.

Chenjezo: kuimba foni si kudandaula. Imbani kuti mufunse, safunsa anadya phula, koma zomwe wakuuzani munthu wa pafoni sizimaimitsa masiku. Ngakhale atati osadandaula bambo tazilemba, inu tumizanibe pepala. Imelo nayo muigwiritse ntchito pokhapokha tikiti yanena kuti amalandira za pa imelo.

## 4. Iunikeni tikitiyo mzere ndi mzere

Nambala ya galimoto, mtundu wake, deti, nthawi, malo, liwiro lovomerezeka pamalopo, liwiro lomwe akuti munali nalo. Yerekezani ndi zomwe mukudziwa. Ngati ndi ya kamera pemphani chithunzi, malo ambiri amachionetsa pa intaneti mukalowetsa nambala ya tikiti. Chikulitseni pa sikirini. Makina owerenga manambala amasokoneza 8 ndi B, 0 ndi D kapena O, ndipo kuli akamberembere omwe amakopera nambala ya galimoto ya wina n'kuika pa yawo. Mukaona kuti pachithunzi pali yoyera yanu ili yakuda, kapena ili ndi kariyala pamwamba yanu ilibe, mwapeza pogwira.

Koma musasangalale ndi tizolakwika tating'ono. Chilembo chimodzi cholakwika m'dzina lanu sichimafafaniza mlandu, amangokonza. Cholakwika chothandiza ndi chomwe chikukhudza mutu wa nkhani: galimoto si yanu, malo kapena nthawi sizikugwirizana, liwiro lovomerezeka alemba lolakwika, kapena iwo eni ake anachedwa. Inde, nawonso ali ndi madeti awo. Ku England ngati sanakuimitseni pamsewu, kalata yoyamba yotchedwa Notice of Intended Prosecution iyenera kufika kwa mwini galimoto wolembedwa m'kaundula m'masiku 14 kuchokera tsiku la mlandu. Koma ngati inachedwa chifukwa inu munasamuka osasintha adiresi, kapena galimoto ndi ya kampani kapena ya hayala ndiye inayamba yapita kwa eni ake, mfundo imeneyi yafa.

Kupempha chithunzi sikuimitsa masiku. Chikachedwa tumizani dandaulo lanu momwemo n'kunenamo kuti mwapempha chithunzi ndipo mudzaonjezera mfundo chikafika. Ku Germany mutha kungolemba kuti mukutsutsa osapereka chifukwa n'komwe, zifukwa n'kudzatumiza pambuyo.

## 5. Sankhani mfundo imodzi, yolimba

Mfundo zomwe zimagwira ndi zochepa. Simunali inu woyendetsa. Galimoto inali itagulitsidwa kapena kubedwa. Galimoto ya pachithunzi si yanu. Chikwangwani cha liwiro kunalibe, chinagwa kapena chinabisika ndi mitengo. Makina oyezera analibe satifiketi yosonyeza kuti anayesedwa m'nthawi yake, kapena pachithunzi pali magalimoto awiri moti sizikudziwika kuti anayeza iti.

Zomwe sizigwira ndi zomwe tonse timakonda: aliyense amathamanga choncho, ndimachedwa kuntchito, msewu unali wopanda anthu, sindimadziwa kuti pali kamera. Ndipo ija yoti ndinangopyola pang'ono muisiye, chifukwa m'mayiko ambiri nambala ya pa tikiti amakhala atachotsapo kale kampata ka kulakwitsa kwa makina. Ku Germany amachotsa 3 km/h liwiro likakhala losapitirira 100, kupitirira apo 3 peresenti. Ku France makamera okhazikika amachotsa 5 km/h kapena 5 peresenti. Kuonjeza apo kageji ka sipidi ka m'galimoto kamapangidwa kuti kazionetsa mokwezako pang'ono, nde ngati tikiti ikuti 78, muvi wa pa dashibodi yanu unali utadutsa 80.

Chinanso, kukana mlandu ndi kupempha chifundo ndi makalata awiri osiyana. Kukana ndi kunena kuti sizinachitike kapena sindine. Kupempha chifundo ndi kuvomera kuti ndinathamanga koma panali chifukwa, mwachitsanzo munanyamula wodwala mwakayakaya, ndipo apa pafunika pepala la kuchipatala la deti ndi nthawi. Mapanga awiri avumbwitsa, mukalemba kuti sindinathamange komanso ndimathamangira kuchipatala, wowerenga angogwira chiganizo chachiwiricho n'kuti mwavomera.

Chenjezo lalikulu: osanamizira munthu wina kuti ndiye amayendetsa, ngakhale iye atalola. Chris Huhne, yemwe pambuyo pake anadzakhala nduna ya boma ku Britain, mu 2003 anagwidwa ndi kamera ndipo mkazi wake wa nthawiyo, Vicky Pryce, anatenga mapointi ake. Patatha zaka 10, mu 2013, onse awiri analamulidwa kukhala kundende miyezi 8. Ku Australia Marcus Einfeld, yemwe anakhalapo jaji, pothawa tikiti ya madola 77 ya mu 2006 anatchula mnzake wina kuti ndiye amayendetsa, zinadziwika kuti mnzakeyo anali atamwalira kale mu 2003, ndipo mu 2009 anagamulidwa zaka 3. Jaji wathunthu, madola 77.

## 6. Sonkhanitsani umboni lero lomwe

Ngati nkhani yanu ndi ya chikwangwani bwererani pamalopo msanga mitengo asanaisadze. Imikani pabwino, jambulani muli mbali yomwe munachokera, kutalika kwa maso a dalaivala, chithunzi china patali kuti malo adziwike china pafupi. Zithunzi zikhale ndi deti. Vidiyo ya kakamera ka pagalasi muikopere pa kompyuta tsiku lomwelo, chifukwa kamemore kakadzadza kamafufuta zakale n'kujambulapo zatsopano, anthu ambiri amakumbukira patatha milungu iwiri n'kupeza za dzana zokha. Ngati mukuti munali kwina, lisiti la mafuta, tikiti ya ndege, kaundula wa kuntchito kapena mbiri ya malo ya pa Google Maps zimathandiza. Mboni ilembe yokha zomwe inaona, isaine ndi kuika deti.

## 7. Lembani kalata, tsamba limodzi

Amene akawerenge kalata yanu ali ndi mulu wa makalata ena patebulo, sakukudziwani ndipo sanalipo pamsewu paja. Muthandizeni. Lembani m'chilankhulo chomwe ofesiyo imagwiritsa ntchito, taipani ngati mungathe, ndipo mafupa ake akhale chonchi:

Pamwamba dzina lanu monga lilili pa laisensi, adiresi, foni, ndi deti. Kenako mutu wokhala ndi nambala ya tikiti ndi nambala ya galimoto. Chiganizo choyamba chinene zomwe mukufuna: Ndikutsutsa tikiti nambala yakuti yomwe inalembedwa pa deti lakuti ndipo ndikupempha kuti ifafanizidwe. Chachiwiri chifukwa: Galimotoyi ndinaigulitsa pa deti lakuti, tsiku la mlanduwu inali isali m'manja mwanga. Kenako umboni mouwerenga: Ndaikamo 1, kope la pepala logulitsirana, 2, kope la kalata yodziwitsa ofesi ya zamagalimoto. Pomaliza: Ndikupempha kuti mundiyankhe polemba pa adiresi ili pamwambayi. Sainani.

Basi. Za wapolisi wamwano, za misonkho yomwe mumalipira, za kuti makamera anaikidwa kuti azidyera anthu, zisungeni zokakamba ndi anzanu. Mutha kukhala kuti mukunena zoona koma palibe lamulo lomwe limafafaniza tikiti chifukwa cha zimenezo. Mawu opepesa nawo muwapewe ngati mukukana mlandu, pepani wa ulemu chabe amawerengedwa ngati kuvomera. Patsamba lililonse la umboni lembani nambala ya tikiti pakona, mapepala amabalalika akamawasikana.

## 8. Tumizani mwa njira yosiya umboni

Positi yolembetsa yomwe wolandira amasainira, ndipo lisiti musunge. Ngati mukukapereka pamanja tengani makope awiri, lanu akudindireni ndi deti, osachoka pawindo asanadinde. Ngati ndi pa intaneti tengani sikirinishoti ya tsamba lomaliza lomwe likuonetsa nambala yotsimikizira, ndipo imelo yovomereza musaifufute. Tumizani mafotokope, mapepala enieni akhale kwa inu, kupatula pomwe anena kuti akufuna tikiti yeniyeniyo, apo muyambe mwaijambula mbali zonse.

## 9. Kudikira yankho, ndi zochita akakana

Pakatha milungu iwiri kapena itatu fufuzani ngati dandaulo analilowetsa. Funsaninso ngati kudandaula kwaimitsa nthawi yolipirira, chifukwa si kulikonse komwe kumaimitsa ndipo mutha kudzidzimuka ndi chindapusa chokwera mukudikira. Pa AARTO mukangokhala chete masiku 32 oyamba kumabwera kalata yokumbutsa ndipo kuchotsera kuja kwatha, pakathanso masiku 32 ena kumabwera lamulo lokakamiza lomwe limakutsekerani kukonzetsa laisensi yanu ndi ya galimoto.

Akakana, kalata yokanayo imabwera ndi deti lake latsopano, ndipo nthawi zambiri limakhala lalifupi. Bwererani pa sitepe 2 muchite zomwezija. Ku California mukaluza pamapepala muli ndi masiku 20 kuchokera pomwe chigamulo chatumizidwa oti mupemphe kuti mlandu uyambirenso pamaso pa jaji, fomu yake TR-220. Ngati laisensi yanu ili pangozi yolandidwa kapena kuyendetsa ndi ntchito yomwe imakudyetsani, apa ndi pofunika loya wa milandu ya pamsewu, musalimbane nazo nokha.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwabwerezedwa

Kuwerenga masiku kuchokera tsiku lomwe munatsegula envelopu. Kulipira n'kumati ndidzadandaula. Kudikira chithunzi kapena satifiketi ya makina mpaka deti kudutsa. Kuiwala kusaina, fomu yosasaina amaibweza masiku akuyendabe. Kulemba kalata imodzi ya matikiti awiri, tikiti iliyonse ndi mlandu pawokha ndipo imafuna dandaulo lake.

Kusasintha adiresi mukasamuka ndi ina yopweteka kwambiri, chifukwa makalata onse amapita kunyumba yakale inu osadziwa, n'kudzamva nkhani itakula kale. Zikakuchitikirani funsani ngati pali njira yopempha kuti akulandireni mochedwa. Malo ena ilipo, koma amafuna umboni woti kuchedwa sikunali kulakwa kwanu, monga kugonekedwa m'chipatala, ndipo pempho limeneli nalo lili ndi masiku ake ochepa kwambiri, ku Germany ndi sabata imodzi kuchokera pomwe chokulepheretsanicho chatha.

Ina ndi ya ku England: kukana kubweza fomu yonena woyendetsa poganiza kuti poti mukutsutsa simufunika kuidzadza. Kusabweza fomuyo ndi mlandu pawokha wa mapointi 6, pomwe sipidi wamba imayambira pa mapointi 3. Bwezani fomu m'masiku 28 aja, zotsutsa zanu zipite padera.

Ndipo mukagulitsa galimoto dziwitsani ofesi ya zamagalimoto sabata yomweyo n'kusunga kope lodinda. Msuweni uja analipira tikiti ya munthu wina, ndipo mu Juni inabweranso yachiwiri ya galimoto yomweyo. Imeneyo anaiyankha tsiku lomwelo, kalata ya mizere 6 ndi mafotokope awiri, anaifafaniza.